Makwerero Opaka Penti

"Ababa, anthu onse m'shedi muno amakwera makwerero. Nanga inu simukwera bwanji?"

Anafunsa ndi kamtsikana kakang'ono, katakhala pa mulu wa utuchi, kakumanga tinyumba ndi zidutswa za matabwa. Bambo wake, amene aliyense ankamutchula Chisamba chifukwa ndiye anali woyamba kubadwa kwawo, anaimitsa puleni yopalira matabwa n'kuyang'ana mwendo wake wamanzere, umene unali waufupi kuposa unzake. Anamuyankha kuti kumwamba kulibe chimene anaiwalako. Tsiku lina mwanayo atafunsanso, anamuuza kuti akhwangwala anamuletsa chifukwa ankawasuzumira m'zisa. Mwanayo anaseka, koma ankaoneka kuti sanakhutire nalo yankholo. Yankho lenileni linali lalitali, ndipo linayambira kutali, iye asanabadwe.

Chisamba anakulira pakhomo labwino, lopanda phokoso. Nyumba inali kutsogolo, shedi kumbuyo, ndipo pakati panali bwalo loyanikapo matabwa. Ntchito ya makwerero anaiyambitsa ndi agogo ake aamuna, n'kuisiyira bambo ake, amene antchito ankangowatchula Mdala. M'mawa uliwonse banja linkapemphera litaimirira pakati pa matabwa, sowo isanalire. Omanga nyumba, ofolera malata ndi okonza magetsi ankadutsa mashedi ena ambiri kudzagula pamenepa, chifukwa cha kachizindikiro kowotcha kamene kankakhala m'munsi mwa mwendo wa makwerero aliwonse otuluka pakhomopo.

Chidindo chake chinali chachitsulo, chogwirira chake chitada ndi thukuta la agogo ndi la Mdala. Sichinkagwa pa thabwa mwachisawawa. Lamulo la agogo linali lakuti amene wapanga makwerero awatsamiritse pa khoma lalitali la shedi, asenze thumba la mchenga paphewa, akwere yekha mpaka pamwamba onse akuona, kenako atsike. Akatsika, munthu wina, osati iyeyo, ayendetse dzanja pa thabwa lonse. Zikatero ndiye chidindo chiziikidwa pamakala. Penti inali yoletsedwa. Makwerero ankangopakidwa mafuta oonekera mkati, kuti mng'alu kapena mfundo ya mtengo isapeze pobisala. Mdala ankati penti ndi ya khoma, chifukwa khoma silinyamula mwana wa munthu m'mwamba. Iwonso, imvi zili mbuu, ankasenza thumba n'kukwera makwerero awo ngati wina aliyense.

Mzime, mng'ono wake wa Chisamba, anabwera mochedwa, amayi awo atataya kale mtima, ndipo anabadwa wonyentchera. Anakula n'kunenepa, masaya kuchita kuwala, koma m'maso mwa amake anakhalabe kakhanda kofuna kufunditsidwa. Akaswa mbale, mbaleyo ndiyo inali yoterera. Akalephera mayeso, aphunzitsi ndiwo anali a kaduka. Chisamba nayenso ankamukonda, tisaname. Anamuberekapo kumsana, ndipo munthu amene unamuberekapo zimavuta kumuona ngati wamkulu.

Tsiku limene Mzime anamaliza makwerero ake oyamba, onse anasiya ntchito kudzaonerera. Anasenza thumba, n'kukwera pang'ono, kufika pamene ngakhale mwana wa mbuzi amafika osaganiza kawiri. Pamenepo anaima, n'kutseka maso, n'kunena kuti dziko likuzungulira. Amayi awo anachoka pakhonde akuthamanga. Anati mwanayo ali ndi chizungulire chobadwa nacho, ndipo womukakamiza akufuna maliro pakhomo.

"Amake ana," anatero Mdala, "mmisiri akamaopa makwerero amene wapanga yekha, ndiye kuti akutiuza kanthu. Tiyeni timve."

"Akutiuza kuti ndi wodwala. Mkulu wake alipo, angomukwerera. Si magazi amodzi?"

Mdala anakana, nati thumba la mchenga silidziwa magazi. Koma mkazi wawo analira, chakudya chamasana chinazizira patebulo, ndipo pamapeto pake Chisamba, amene sankatha kupirira misozi ya amake, anatola thumba n'kukwera. Makwererowo anali abwino ndithu. Chidindo chinagwa. Mdala anangoti, "Lero lokha," n'kulowa m'nyumba.

Lero lokha ameneyo anakula mpaka kumera ndevu. Chizungulire cha Mzime chinali chanzeru kwabasi, chinkadziwa khoma la shedi lokha. Pa mpanda wa bwalo la mpira sichinkabwera. Pa mipando italiitali ya m'bala sichinkabwera, ngakhale pamene anzake onse dziko linkawazunguliradi. Chinkangodikira kuti aone thumba la mchenga. Ndipo munthu amene akudziwa kuti sadzakwera, sasamala za msomali. Anayamba kuilekerera ntchito yake: apa palowa mopepera, apo pasiyidwa mpata woti chala n'kulowa. Chisamba ankalawirira m'shedi, n'kumakhwimitsa mwakachetechete zonse zimene mng'ono wake wasiya, kenako n'kudzakwera pamaso pa anthu ngati palibe chachitika. Ankati akusunga mtendere wa pakhomo. Mzime ankadzuka dzuwa litakwera, n'kudzalandira mayamiko akutokosa m'mano.

Patapita nthawi maso a Mdala anachita ng'ala. Poyamba ankasokoneza misomali, kenako nkhope za anthu, mpaka anatsala ongosiyanitsa kuwala ndi mdima. Anaitanitsa banja patebulo, nanena kuti shedi ikhala ya ana awiriwo mofanana. Chidindo sanafune kuchipereka kwa mmodzi, kuopa kuti angadane. Anachipereka kwa mkazi wawo, poganiza kuti mayi sangakondere pakati pa ana obereka yekha. Anali atakhala nawo zaka zonsezo, koma pa nkhani imeneyi ng'ala inali itayamba kalekale.

"Chitsulo ichi chilibe mwana," anatero pochiika m'manja mwawo. "Mukachigwira, inunso mulibe mwana mpaka muchibweze m'bokosi."

Amayi anavomera ndi mutu, maso ali pa Mzime, amene ankayasamula.

Pasanapite nthawi yaitali, pakhomo panafika Wapenti. Anali ndi kasitolo ka penti mumsewu wa mashopu a zomangira, munthu wa mafuta onunkhira ndi mano onse pamtunda, wotchula aliyense kuti mlamu ngakhale analibe mlongo. Anazungulira bwalo akugogoda matabwa oyanikidwa ndi kiyi wa galimoto, n'kumapukusa mutu ngati wafika pa maliro.

"Alamu, mukugona. Thabwa mumaliyanika mpaka nyengo kusintha, ngati mukudikira kuti libereke. Wogula wa masiku ano amafuna chowala. Tengani matabwa aawisi otchipa, pa mfundo mutsekepo ndi utuchi wosakaniza ndi guluu, pamwamba penti yofiira. Ngakhale mwini mtengo sangauzindikire."

Chisamba anamufunsa kuti nanga wogulayo akakwera zidzatha bwanji.

"Akakwera ali kwawo, inu muli kwanu."

Chisamba anamulozera chipata. Koma Wapenti anali ataona kale pofewa. Anatembenukira kwa Mzime, n'kumusasa utuchi paphewa ndi zala ziwiri. "Bwana wamng'ono, nkhope ngati imeneyi si yokalambira m'fumbi. Dzina muli nalo kale. Dzina ndilo limagulitsa, thabwa limangoperekeza." Mzime anati angomuperekeza mlendoyo pachipata. Anabwerako dzuwa litapendeka, akuyenda ngati msewu ndi wopapatiza, m'kamwa mukununkha.

Kuyambira pamenepo benchi yake inayamba kugwira fumbi. Anagula nsapato zosongoka ndi magalasi akuda, n'kumalankhula za misika ikuluikulu ngati munthu woti anaiyendapo. Akafunsidwa kumene amatandala, ankati akufunafuna makasitomala. Mdala anamuchenjeza patebulo kuti mowa ndi sowo sizigona nyumba imodzi, ndipo mnzako wokuyamika nkhope m'malo mwa ntchito akukuyeza kuti akugulitse. Mzime anayankha kuti wamva, Ababa, akuseweretsa foni pansi pa tebulo pamene maso a nkhalamba sakanaona ngakhale ikanakhala pamwamba.

Tsiku lina Chisamba akukapereka katundu, anadutsa pa nyumba ina yomangidwa kumene. Anaona makwerero ofiira ngati maluwa atatsamira pakhoma. Anangofuna kuwaseka, koma mtima unamuuza kuti awerame. M'munsi mwa mwendo munali chizindikiro cha agogo ake, chowotchedwa pamwamba pa penti. Anakanda ndi chikhadabo, ndipo pansi pake panatuluka thabwa lonyowa, lonunkha msipu. Atafika kunyumba anatsegula bokosi. Chidindo chinalimo, koma m'mphepete mwake munali makoko ofiira opserera.

Amayi sanakane. Anati mwanayo akufuna kuima payekha, ndipo kumbuyo kwa sitolo ya Wapenti kuli anthu amene akumukhomerera makwerero, iye n'kumangodinda. Mzime ankangobwereka chitsulocho masana n'kuchibweza Mdala asanafunse. Anati chibale ndi fupa, sichiwola. Kenako anamugwira Chisamba dzanja.

"Usawauze bambo ako. Mtima wawo ndi wofooka. Ukawauza, wawapha ndiwe."

Chisamba anamusaka mng'ono wake n'kumupeza pakhonde la bala masanasana, miyendo itasanjikizana. Anamuuza kuti pa makwerero amenewo padzagwa munthu, ndipo munthuyo ali ndi ana.

"Achimwene, inu ndi Mdala ndinu anthu a m'mabuku akale. Theka la dzina lija ndi langa. Theka langalo ndilipaka mtundu umene ndikufuna."

"Ndiye ukwere."

"Mukudziwa matenda anga," anatero Mzime, akuitanitsa botolo lina.

Apa m'pamene Chisamba akanapita kwa bambo ake n'kuulula zonse. Anafika mpaka pakhomo la chipinda chawo, nawamva akuimba nyimbo ya kutchalitchi pansipansi, ndipo anabwerera. Anadziuza kuti adikire nthawi yabwino. Nthawi yabwino ya nkhani yoipa siifika, imene imafika ndi nkhaniyo.

Inafika ndi mkulu wina wofolera nyumba, amene anayamba kugula pakhomopo agogo akadali moyo. Sanapereke moni. Anaika chidutswa chofiira cha makwerero pamiyendo pa Mdala, nanena kuti wantchito wake wapulumuka chifukwa anagwira mtanda wa denga, apo ayi bwenzi akukamba zina. Anati sakufuna chipepeso, wangobwera kudzatsanzika, ndipo anatuluka. Mdala anachinunkhiza chidutswacho. Anakolowola ndi chala pamene panali mfundo, utuchi wa guluu n'kugwera pansi ngati zinyenyeswazi. Kenako chala chawo chinafika pa chizindikiro, n'kuima pamenepo nthawi yaitali.

Mdala anauza antchito kuti aweruke, chifukwa nkhaniyi inali ya pabanja. Analamula kuti makwerero ofiira athunthu abwere, ndipo Mzime abwere nawo. Mzime anafika akulumbira kuti ntchito yake ndi yolimba, wofolera uja anachita kuwasenzetsa katundu wa galimoto yonse, ndiponso anthu ena pakhomopo ali ndi nsanje.

"Ngati ndi olimba, khoma ndi ilo, thumba ndi ilo," anatero Mdala. "Lero palibe chizungulire. Ukapanda kukwera, m'shedi muno usadzapondemonso."

Anawakhazika Mdala pa mpando pakati pa bwalo, nkhope italoza kukhoma kumene sankakuona. Mzime anayang'ana makwerero ake ofiira kuyambira pansi mpaka pamwamba. Anawadziwa bwino kuposa wina aliyense. Anabwerera chafutambuyo n'kukakhala pa mgolo wa madzi, mutu uli m'manja, diso limodzi likusuzumira pakati pa zala. Amayi anasendera kwa Chisamba n'kumunong'oneza.

"Iwe ndiwe wozolowera, umadziwa poponda. Uyu akakwera agwa. Bambo ako sakuona, ingokhala chete."

Chisamba anawamva bwinobwino mawuwo. Amake ankadziwa kuti makwererowo ndi ogwetsa munthu, ndipo anali atasankha woti akwere. Chisamba akanakhala ndi nzeru akanatsegula pakamwa. Koma anali atakwerera mng'ono wake nthawi zambirimbiri, moti phewa lake linapita lokha ku thumba. Anaganiza kuti aziponda m'mbalimbali, pafupi ndi matabwa aataliwo, akafike pamwamba n'kutsika, nkhani ithe, amake asachite manyazi.

"Kwera, Mzime," anatero Mdala atamva thabwa likulira. "Kwera, mwana wanga. Ndikumva."

Popondapo panapirira. Chimene chinagonja ndi thabwa lalitali la kumanzere, pamene panali mfundo yaikulu ngati chibakera, yodzazidwa utuchi n'kupakidwa bwinobwino. Linang'ambika Chisamba atatsala pang'ono kufika pamwamba. Anagwera cham'mbali pa simenti, thumba la mchenga n'kumutsatira pa chiuno.

Mdala anagwa pa mpando n'kuyamba kukwawa, manja akufufuza pansi. "Mzime, mwana wanga, wapweteka pati? Ndakupha ndine. Yankhula."

Yankho linachokera kumbuyo kwawo, ku mgolo wa madzi. "Ndili kuno, Ababa. Ine ndili bwinobwino."

Manja a nkhalamba anafika pa munthu wogona pansiyo. Anayenda pankhope, n'kutsikira ku dzanja, n'kupeza zikhatho zokhakhala ngati khungwa. Mdala anazindikira mwini wake. Anangokhala pansi pa simentipo atagwira dzanjalo, mpaka galimoto yopita kuchipatala inafika.

Fupa la m'chiuno linali litasweka moipa. Chisamba anagona m'chipatala mpaka mvula inayamba n'kutha, ndipo anatuluka mwendo umodzi utafupika. Mbiri inathamanga kuposa iye. Makwerero anayamba kubwerera pakhomo, ofiira ndi abwino omwe, chifukwa wogula sakanadziwanso kuti chizindikiro chikunena zoona liti. Dzina limene agogo analimanga moyo wawo wonse linatha msanga kuposa mmene penti imaumira. Wapenti atafunsidwa anatambasula manja, nati iye amagulitsa penti basi, pamene munthu wakapaka ndi nkhani yake. Mzime atapita kukamuona, mlamu uja anamufunsa kuti akufuna mtundu wanji.

Mdala anamuchotsa Mzime m'shedi pamaso pa antchito onse, n'kulanda chidindo kwa mkazi wawo. Amayi analira, chakudya chinazizira ngati kale, koma ulendo uno chinazizira mpaka kuchotsedwa patebulo. Nkhalambayo sinakhalitse. Inamwalira shedi ili zii, mulu wa makwerero obwezedwa uli pabwalo. Amayi ndiwo ankamusambitsa Chisamba ndi kumutembenuza pa bedi, ndipo tsiku lina akumupukuta mwendo uja anayankhula osamuyang'ana. Anati ankayesa kuti akuteteza mwana mmodzi, osadziwa kuti akuwononga awiri. Chisamba anaganiza kuti fupa siliwoladi koma limathyoka. Sanawauze, anaona kuti akudziwa kale.

Mzime anagulitsa nsapato zosongoka, kenako magalasi, kenako zida zimene bambo ake anamugulira. Masiku ano amapezeka pamalo opakira katundu, atakwera pamwamba penipeni pa malole, akumanga zingwe kuti apeze ya botolo. Chizungulire chija chinachira popanda mankhwala. Anabwerapo kamodzi kudzapempha kuti abwerere m'shedi, akutchula za magazi amodzi. Chisamba sanamuthamangitse. Anamuonetsa matabwa ouma, benchi yake yakale ndi thumba la mchenga, nati apange makwerero amodzi, akwere, ndiye akambirane. Mzime anati abwera Lolemba. Lolemba limenelo silinafikebe.

Shedi inadzuka pang'onopang'ono, ngati mwini wake. Chisamba sanapinde lamulo la agogo kuti limukomere. Popeza sangakwere, sapanganso makwerero, ngakhale manja ake amawadziwa kuposa a wina aliyense. Amasankha matabwa, amapala, amayendetsa dzanja pa ntchito ya ena, ndipo chidindo amasunga yekha. Anakwatira, n'kubereka kamtsikana kofunsa mafunso kaja, kenako mnyamata.

Anawo atayamba sukulu, tsiku lina masana Chisamba analowa m'nyumba kudzamwa madzi. Anapeza mtsikanayo patebulo, lilime lili panja, akulemba masamu m'kope limene silinali lake. Ankapotoza manambala dala kuti afanane ndi a mlongo wake. Atafunsidwa, anati mnyamatayo mutu ukumupweteka, ndipo akapanda kulemba aphunzitsi akamukalipira mawa. Kunja kwa zenera wodwala mutuyo ankamenya mpira ndi mutu womwewo.

Chisamba anakoka mpando n'kukhala pafupi naye, mwendo waufupi uja atautambasula. Anamulanda pensulo mofatsa, n'kutseka kope.

"Unandifunsapo chifukwa chimene sindikwerera makwerero. Za akhwangwala zija linali bodza. Sindikwera chifukwa ndinkakwerera bambo ako aang'ono makwerero amene anayenera kukwera okha. Ndinkati ndi chikondi, agogo ako aakazi nawonso ankati ndi chikondi. Bambo ako aang'onowo anasanduka munthu wosatha kanthu, ine ndinalumala mwendo, ndipo anthu osalakwa anatsala pang'ono kufa. Ulesi ndi chinyengo sizikula zokha, mwana wanga, pamakhala wina wozithirira. Mlongo wako umukonde. Umugwirire makwerero pansi kuti asaterereke, umuuze poponda, koma thumba asenze yekha. Ukamukwerera lero, mawa mudzagwa awiri. Tenga kopeli, ufufute zimene walembazi, ukamuitane."